Masamu anali oona, ndalama zinali za eni

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo panali mnyamata amene ankagwira ntchito ya ukalaliki pasikelo. Dzina lake tilisiye, ndi la esitetiyo lomwe. Tizingoti Kalaliki, monga ankamuitanira amayi othyola tiyi. Mvula ikakhazikika mu Disembala, tiyi n'kuyamba kuphukira mosalekeza, mzere wa madengu unkatalika pasikelo, koma iye ankaphatikiza makilogalamu a anthu onsewo pamtima cholembera chisanakhudze pepala. Akapitawo ankamudalira. Mayi akakayikira malipiro ake a pa fotinaiti ankapita kwa iye, iye n'kumuwerengera tsiku ndi tsiku mpaka mayiyo atakhutira. Masamu anakhoza bwino pa mayeso a Fomu 4, koma fizi yopitirizira sukulu inasowa. Agogo ake anachokera ku Mozambique pamodzi ndi Alhomwe ena ambiri amene anadzagwira ntchito m'minda ya azungu, ndipo chichokereni nthawi imeneyo banjalo silinakhalepo ndi munda wokwanira. Mlendo akafika ku Thyolo amasirira kubiriwira kwa minda ya Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, koma m'midzi yopanikizika pakati pa mindayo munthu amadya akagula, ndipo kamunda kake kamabereka pokhapokha atathira feteleza.

Njuga ankaidziwa, ndipo ankainyoza. Tsiku la malipiro anyamata ankazungulirana kuseri kwa golosale kutchova makhadi, ena ataweramira mafoni kudikira kandege kauluke, ena atapinda timapepala ta mpira m'thumba la malaya. Iye ankawadutsa akupukusa mutu. Ankati masewera onsewo anawakonza kuti mwini wake azidya, ndipo wowasewera ndi munthu amene masamu anamulaka. Apa ankanena zoona. Chinamugwetsa n'chakuti tsiku lina anamva za masewera amodzi amene wodziwa masamu angathe kumudya mwini wake, ndipo nazonso zinali zoona.

Anaziona koyamba mufilimu yotchedwa 21, ya mu 2008, imene mnzake anamuikira pafoni. Imasimba za ophunzira a pa yunivesite ya MIT ku America amene ankapita ku Las Vegas kukakolola ndalama m'makasino powerenga makhadi pa masewera a blackjack. Filimuyo anaithira mchere, koma magulu otere analikodi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Masewera ake ndi osavuta kuwamva. Wosewera amapikisana ndi wogawa makhadi, amene ndi wantchito wa kasino. Aliyense amafuna kuti makhadi ake akaphatikizidwa ayandikire 21 koma osapitirira. Makhadi a 2 mpaka 10 amawerengedwa monga alembedwera, J, Q ndi K ndi 10, pamene A ndi 1 kapena 11. Wogawa alibe ufulu wosankha: amatenga khadi mpaka atafika 17, n'kuima. Koma wosewera ndiye amayamba kutenga, ndipo akapitirira 21 ndalama yake yapita pomwepo, ngakhale wogawayo atadzapitiriranso pambuyo pake. Pamenepo ndi pamene kasino imadyera.

Miyezi ya chiperoni, tiyi atachepa ndipo antchito a nyengo atawaimitsa, Kalaliki ankaweruka msanga. Anagula paketi ya makhadi pa Bvumbwe nayamba kuphunzira. Choyamba analoweza ndondomeko ya kaseweredwe koyenera, imene asilikali anayi a ku America, Roger Baldwin, Wilbert Cantey, Herbert Maisel ndi James McDermott, anaitulutsa mu 1956 ataiwerengera ndi makina wamba a pa desiki. Ndondomekoyo imauza munthu chochita pa makhadi alionse amene wagwira, poyang'ana khadi loonekera la wogawa. Ukagwira ma A awiri kapena ma 8 awiri, uwagawe akhale masewera awiri. Ma 10 awiri usawagawe. Uli ndi 11 wogawa akuonetsa 6, uwirikize ndalama. Uli ndi 13 iye akuonetsa 5, uime ngakhale mtima ukukana, chifukwa mpata woti iye apitirire 21 ndi waukulu. Inshulansi imene amakunyengerera nayo wogawa akaonetsa A, uikane. Kalaliki anajambula zonsezi kuseri kwa kalendala, ndipo pakutha kwa Julayi ankayankha asanaganize.

Chimene ndondomekoyi imachita ndi kuchepetsa kudyedwa, osati kukupatsa phindu. Wosewera mwachisawawa amataya pafupifupi K20 pa K1,000 iliyonse imene wabetcha. Wotsata ndondomeko osaphonya amataya pafupifupi K5, malamulo a patebulo akakhala abwino. Zili ngati sikelo imene imaba theka la kilogalamu pa makilogalamu 100 alionse: pa dengu limodzi simungaone kanthu, koma nyengo ikamatha mwini sikeloyo wakundika matumba. Sikelo yotere Kalaliki akanaitulukira tsiku lomwelo kuntchito kwake. Pa makhadi anaidziwanso bwino lomwe, n'chifukwa chake anathamangira ku gawo lachiwiri, lowerenga makhadi.

Amene anaika poyera nzeru imeneyi ndi Edward Thorp, mphunzitsi wa masamu amene anagwiritsa ntchito kompyuta ya IBM 704 ali ku MIT, natulutsa buku lake la Beat the Dealer mu 1962. Mfundo yake ndi yakuti khadi likatuluka silibwereranso mpaka makhadi atasakanizidwanso, choncho otsalawo amasintha ulendo uliwonse. Akatsala ambiri akuluakulu, ma 10 ndi ma A, zinthu zimakomera wosewera, chifukwa 21 wa makhadi awiri amabwera kawirikawiri ndipo amalipira K1,500 pa K1,000, komanso wogawa, amene amakakamizidwa kutenga, amapitirira msanga. Njira yotchuka yowerengera, imene Harvey Dubner anaifotokoza mu 1963, ndi yophweka. Khadi la 2 mpaka 6 likatuluka umawonjezera 1 pamtima. La 10, J, Q, K kapena A likatuluka umachotsa 1. La 7, 8 ndi 9 sulilabadira. Chiwerengerocho umachigawa ndi mapaketi amene atsala. Chikakwera umabetcha zambiri, chikatsika umabetcha zochepa. Kwa munthu wophatikiza makilogalamu a anthu makumi angapo pamtima, izi zinali zachibwana. Posakhalitsa ankatha paketi yonse ya makhadi 52 m'masekondi osakwana 30, n'kutchula mtundu wa khadi lomaliza asanalitembenuze.

Ine sindikutsutsa masamu amenewa, ndipo ndikupempha makolo ndi abusa asamawatsutse, chifukwa mwana wochenjera akaona kuti mwamunamiza pa chimodzi sakumveraninso pa zina. Kuwerenga makhadi kumatheka. Koma mavidiyo a pa YouTube amene amaphunzitsa kuwerengako amadumpha mwachangu funso lakuti phindu lake ndi lalikulu bwanji, ndipo limabwera liti. Katswiri weniweni, wosalakwitsa, patebulo la malamulo abwino, amapeza pafupifupi K10 pa K1,000 iliyonse. Nthawi yambiri amakhala akubetcha pang'onopang'ono ndi kudyedwa, kudikira makhadi akome. Ndipo akakoma si kuti awina basi ayi. Tiyerekeze munthu akubetcha K5,000 maulendo 100. Masamu akuti phindu lake loyembekezeka ndi K5,000. Masamu omwewo akutinso si zachilendo kuti pa maulendo 100 amenewo akhale atadya kapena atadyedwa ndalama zoposa K50,000. Ka phindu kaja kamaonekera patapita maulendo zikwi makumimakumi, ndipo kuti munthu akafikeko ayenera kukhala ndi thumba lopirira milungu ndi miyezi yodyedwa ali kusewera molondola. N'chifukwa chake amene amachita zimenezi ngati ntchito amasunga ndalama zochuluka maulendo mazanamazana kuposa zimene amabetcha ulendo umodzi. Thorp mwini wake atapita kukayesa ku Reno mu 1961 sananyamule malipiro ake a uphunzitsi. Anthu achuma, mmodzi mwa iwo Manny Kimmel, anamuikira madola 10,000. Ophunzira a ku MIT nawo anali ndi anthu owapatsa mpamba. Iyi ndi bizinesi ya amene ali nazo kale, amene zikatayika ana awo sagona ndi njala.

Kalaliki analibe mpamba, ndipo kasino inali kutali. Anayamba ndi ya pafoni. Apa ndi pamene nzeru zake zinayamba kumupereka, chifukwa pa blackjack ya pafoni imene imagawidwa ndi kompyuta makhadi amasakanizidwanso ulendo uliwonse. Palibe chotsala choti uwerenge. Ngakhale pa matebulo amene umaonera munthu weniweni akugawa pa vidiyo, amaphatikiza mapaketi ambiri ndipo amawasintha akafika chapakati, chiwerengero chisanakhwime. Iye ankawerengabe, milomo ikugwedera mumdima mkazi wake atagona. Mlungu woyamba anawina K40,000. Anagula shuga, sopo ndi nsapato za mwana, nakhulupirira kuti ndi mutu wake wachita zimenezo. Unali mwayi chabe, womwewo umene umagwera wa kandege amene ankamunyoza uja.

Mwezi wotsatira zinabwerera zonse, n'kutengako ndi malipiro. M'malo moima, anasaka njira ina, ndipo anaipeza yakale kwambiri, imene imapezeka m'magulu onse a WhatsApp a obetcha: ukadyedwa wirikiza, tsiku lowina zibwerera zonse. Ukayamba ndi K1,000, kenaka K2,000, K4,000, K8,000, mpaka K64,000, ndiye kuti pa maulendo 7 otsatizana wataya K127,000, ndipo ulendo wa chi 8 uyenera kuika K128,000 kuti phindu lako likhale K1,000 yokha. Munthu amati kudyedwa ka 7 motsatizana n'kosatheka. Ngakhale mpata ukanakhala theka ndi theka, zikanachitika kamodzi pa 128, ndipo pa blackjack zimachitika kawirikawiri kuposa pamenepo, chifukwa wosewera amadyedwa maulendo ambiri kuposa amene amawina. Pafoni munthu amasewera maulendo mazana usiku umodzi. Kalaliki akanatha kuwerengera zimenezi pa mphindi ziwiri. Sanafune kutero, pakuti tsopano sankasewera kuti apeze phindu, ankathamangitsa zimene zinapita.

Ndalama zina zinali pafupi. Amayi 20 othyola tiyi anali ndi banki m'khonde, ndipo iye anali mlembi wawo. Bokosi la gulu lina m'mudzi woyandikana litabedwa, amayiwo anagwirizana kuti ndalama zawo zizisungidwa pafoni ya Kalaliki, munthu amene sanawalakwitsirepo ngakhale kilogalamu imodzi. Pofika Okutobala zinali zitakwana K900,000. Anadziuza kuti vuto linali foni, ndipo patebulo lenileni, pamene makhadi amagwirika ndi manja, luso lake lioneka. Anadziuzanso kuti sakuba, akungobwereka mpaka Lolemba.

Loweruka lina anakwera minibasi, kudutsa Bvumbwe ndi Chigumula, natsikira ku Limbe, madzulo n'kulowa m'kasino ina ya mumzinda atavala malaya a ku tchalitchi. Zimene anazipeza sizinafanane ndi pamkeka wa kwawo. Mapaketi 6, makhadi 312, ankatuluka m'kabokosi mothamanga. Nyimbo, phokoso la makina, woperekera zakumwa, mnzake wa pambali womukalipira chifukwa chotenga khadi: chiwerengero chinkamuthawa n'kubwerera. Atachigwira bwino, chitakwera, anaika ndalama zambiri monga anaphunzirira. Anadyedwa. Anaikanso, nadyedwanso. Sanalakwitse chilichonse, makhadi amatero. Ulendo wachitatu atakankha mulu wina, bambo wa suti amene anaima kumbuyo kwa wogawa anangogwedeza mutu, wogawayo n'kusakaniza makhadi onse. Chiwerengero chija chinafera pomwepo.

Eni makasino anawerenganso buku la Thorp. Mu 1964 a ku Las Vegas anayesa kusintha malamulo a masewerawa, ndipo chiyambire pamenepo akhala akuwonjezera mapaketi, kusakaniza msanga, kuika makina osakaniza makhadi mosalekeza, ndi kuchepetsa malipiro a 21 wa makhadi awiri kuchoka pa K1,500 kufika pa K1,200 pa K1,000, chinthu chimene pachokha chimameza phindu lonse la wowerenga. Ku Nevada akakuzindikira amakuletsa kusewera. Ku New Jersey katswiri wina, Ken Uston, anawina mlandu mu 1982 woti asamathamangitsidwe chifukwa chowerenga makhadi, koma makasino anangopatsidwa njira zina zomufooketsera. Ndipo wowerenga sabisika, pakuti amene wakhala akuika K5,000 n'kudumphira pa K50,000 wadziulula yekha. Kunena zoona, anthu onga Kalaliki makasino amawakonda. Buku la Thorp linachititsa blackjack kutchuka kuposa kale, chifukwa pa katswiri mmodzi amene amawadyera pang'ono pamabwera khamu la odziwa theka, olimba mtima, onyamula ndalama zambiri.

Anatuluka m'bandakucha atatsala ndi ya minibasi. Lolemba anali pasikelo monga mwa masiku onse, akumwetulira amayi amene ndalama zawo anazisiya mumzinda. Anakatenga katapila kuti atseke dzenje, theka lake n'kuliponyanso pafoni. Mabuku a gulu ankawalembabe mwaukhondo. Anasiya kudya bwino, ankakalipira mwana popanda chifukwa, ndipo mkazi wake atafunsa kuti, "Bambo a mwana, kodi mukudwala?" iye anati ndi ntchito yachuluka.

Tsiku logawana linafika kumayambiriro kwa Disembala, chimanga chitamera, aliyense atawerengera kale matumba a feteleza ndi fizi ya Januwale. Amayi anayala zitenje pansi pa mtengo wa mapeyala. Kalaliki anawerenga masheya a aliyense, ndi chiwongola dzanja chomwe, osaphonya. Atatha, amayi apampando anati, "Zikomo achimwene. Tsopano tiyeni kwa ejenti tikatape." Iye anangoti zii, maso pansi.

Nkhani inapita kwa amalume ake, mwini mbumba, amene anapuma pa ukapitawo. Mkuluyo anamvetsera zonse, za ma 10 ndi ma A, za mapaketi 6, za bambo wa suti. Kenaka anafunsa, "Mwanawe, masamu akowo anakuuza kuti ukhoza kudyedwa?"

"Anandiuza, amalume."

"Ndiye unadziwa kuti zikhoza kupita?"

"Ndinadziwa."

"Nanga eni akewo unawafunsa ngati akulola kuti zipite?"

Panalibe yankho. Mayi wina wachikulire, amene anathyola tiyi zaka zambiri mpaka msana kupindika, sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, ine ndimati ndalama zanga zili m'manja mwa munthu wophunzira."

Kupolisi sanamutengere, chifukwa abale anapepesa nalonjeza kubweza. Njinga inagulitsidwa, malata amene anaunjika kuti amangire nyumba anagulitsidwa, mbuzi za mayi ake zinapita. Zonsezo sizinakwane theka. Ntchito ya pasikelo sakanaipitiriza, pakuti palibe amene akanakhulupiriranso nambala yotuluka pakamwa pake. Amayi angapo chaka chimenecho sanathire feteleza wobereketsa, ndipo mwana wa mmodzi wa iwo sanabwerere kusekondale. Gululo linatha, ndipo linali litawathandiza zaka zambiri.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti ikugwera ana athu amene tinkawadalira. Ku Thyolo, ku Luchenza, ku Makwasa kuli achinyamata ambiri a mitu yakuthwa amene sukulu inawathera panjira, ndipo foni ndiyo yokha imawauza kuti nzeru zawo zingawalemeretse. Lero sawanyengerera ndi mwayi, amawanyengerera ndi "njira". Wina akugulitsa pulogalamu yolosera pamene kandege kathawire, wina magemu a mpira amene akuti ndi okonza kale, wina maphunziro a blackjack. Kampani ya Spribe, imene inapanga kandege, imanena yokha kuti masewerawo amabweza K97 pa K100 iliyonse imene anthu abetcha, ndipo ulendo uliwonse sudalira wapitawo, kotero palibe cholosera. Wokhala ndi njira yeniyeni yodyera kasino sangaigulitse K5,000 pa WhatsApp. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2022 loyendetsa njuga ndi malotale, ndi bungwe la MAGLA limene limapereka ziphaso ndi kuletsa ana osakwana zaka 18 kubetcha. Chiphaso chimenecho chimatanthauza kuti kampani ikuloledwa kuchita malonda ake. Sichisintha masamu a malondawo, ndipo malonda ake ndi oti obetcha onse pamodzi azitaya.

Kalaliki anapulumuka ndi moyo, ndipo si onse amatero. Mu 2021 ofufuza zaumoyo anasindikiza lipoti la mnyamata wa kumudzi m'dziko lino amene anadzipha nkhani yake itakhudzana ndi njuga. Manyazi a ndalama za eni ndi olemera kuposa ngongole yeniyeniyo, ndipo munthu amawasenza yekha chifukwa aliyense amamuyesa wanzeru.

Inu amayi a banki m'khonde, ndalama za gulu zisakhale pafoni ya munthu mmodzi, ngakhale akhale mwana wanu wobereka nokha. Wolemba mabuku asakhale wosunga ndalama, ndipo pa msonkhano uliwonse ndalamazo muzizionadi ndi maso, osangomva nambala. Ndipo inu achimwene amene mukuwerenga izi mutatapako kale ndalama zimene si zanu, mukuti mubweza mukawina, musadikire Disembala. Kauzeni amalume anu, akazi anu kapena abusa lero lomwe, zisanathe zotsalazo, ndipo maganizo akakulemerani pitani kuchipatala cha boma mukaonane ndi a zaumoyo wa m'maganizo.